Dzungu la Edina ndi njinga ziwiri zamaliseche

Ndinapita ine, ndinapita! Ine amene miyendo yanga inkathera kuchigayo, kutchalitchi ndi pa Phalombe Boma, ndinadumpha Muloza, ndinadya buledi wa Apwitikizi, ndinakafika ku Mokuba kumene mtsinje wake sungaponye mwala n'kufika tsidya. Ndipo sindinapite ndekha ayi. Tinali atatu: ine, mwamuna wa mdzukulu wanga, ndi dzungu. Zilembo ndaziphunzira imvi zili mbuu ku sukulu ya kwacha, ndiye pamene cholembera chaterereka mundikhululukire. Koma nkhani iyi sindikufuna andilembere wina, angaichotse mchere.

Mdzukulu wangayo ndi Edina, wobadwa kwa mwana wanga wamkazi. Mwamuna wake ndi Lusiyano, mkamwini wathu kuno kwa Mkhumba, munthu wosalankhulalankhula, wolima fodya ngati anachita kulumbira. Mimba yoyamba ya Edina inatisiya manja ali m'khosi. Matenda anamuyamba mvula ili pakati, Lusiyano n'kumukweza pa kaliyala ya njinga yakapalasa. Kupalasa, kukankha, kupalasa, kukankha, matope mpaka m'mawondo. Pofika kuchipatala, mwana anali atatsamwa kale.

Chaka chimene ndikunenachi Edina anali ndi pakati penanso, mimba itakula ndithu. Lusiyano atagulitsa fodya wake anangonena kamodzi: "Ndikukagula njinga yamoto. Uyu yekha sakwera yakapalasa."

Masiku amenewo mithuthuthu inali ya alangizi ndi abambo a kumishoni. Munthu wamba akaifuna, ankaitsata ku Mozambiki kumene inali yotsikirako mtengo. Kuyendetsa Lusiyano ankadziwa, anamuphunzitsa ndi mlangizi wa fodya. Anatiuza kuti njinga zimene thumba lake lingafike ndi ziwiri, yofiira ndi yakuda, ndipo zonse ndi zamaliseche.

Mayi ake a Edina anali kuseri kwa nkhokwe, pajatu mpongozi sayang'anizana ndi mkamwini. Anakuwira komweko. "Iwe Edina, wafunse bwinobwino. Akufuna akukweze pa chinthu chamaliseche?"

Lusiyano anayankha akuyang'ana chala chake chakuphazi. "Uwauze amayi kuti ndi dzina chabe. Ndi njinga zopanda zophimbaphimba za pulasitiki. Injini imangoonekera panja."

Ine kuseka, misozi mbwee. Koma Edina sanaseke. "Ine sindikhala motang'adza ngati mwamuna," anatero. "Ndimakhala chammbali, ndiye ndi mimba iyi. Inu mukaona utoto ndi kulira kwa injini. Pakumbuyopo akayambe wakhalapo munthu wamkazi."

Wamkazi wake uti? Edina sakanatha ulendo. Mayi ake, abale inu, mpongozi n'kugwira m'chiuno mwa mkamwini, dziko lingaime! Ndinatsala ine. Kwathu kuno mwamuna wa mdzukulu ndi mwamuna wa agogo, timatukwanizana, timalandana fodya, palibe mlandu. Vuto linali limodzi: mimba yanga inaphwa kalekale, ili ngati lichero. Ndiye tinapita pa mulu wa maungu, kunyamula ili, kuyeza pa Edina, lachepa. Kunyamula ilo, latalika. Mpaka tinapeza lina lobulungira, lamawangamawanga, lolemera ngati mwana weniweni. Kuliika pambali pa mimba yake, mapasa!

"Anganga," anatero Edina pondiperekeza, "mukalimange pamimba, mukhale chammbali ngati ine. Pamene dzungu lakhala bwino, ndi pomwepo."

Tinanyamuka tambala atatsika, pa njinga za hayala mpaka pa Boma. Minibasi tinaipeza, injini ikulira ngati inyamuka pompano, koma anthu amene anali m'katimo theka anali oitanira, ongokhala kuti tione ngati yadzaza. Tikakwera ife, wina amatsika. Dzuwa linakwera, linatiwotcha, dalaivala anapita kukameta. Dzungu ndinaliika pampando pambali panga.

Kondakitala anabwera. "Agogo, mwana wanuyu walipira?"

"Ameneyu ndi dzungu."

"Dzungu likakhala pampando ndi pasinjala."

Ndinatsika, ndinapita kuseri kwa golosale, ndinalimanga pamimba ndi chitenje, china pamwamba, n'kubwera ndikuyenda chopendama, dzanja kumsana. "Nanga mimba imalipira?"

Minibasi yonse phwiti! Panali aphunzitsi ena a ku Ntcheu, ovala tayi pa kutentha konse kuja, amapita kukatenga malipiro. Anachotsa magalasi n'kupukuta m'maso. "Koma agogo, pa msinkhu umenewu? Mwini wake wa katunduyu ndani?"

"Ndi awa ali apawa," ndinaloza Lusiyano. "Ofatsa masana okha."

Mwana wa eni anabisa nkhope m'chipewa. Koma mapewa ankagwedezeka. Ndinati eya, kaseke mwanawe, kuyambira chaka chatha sindinaone mano ako.

Msewu wozungulira phiri nthawi imeneyo unali wafumbi, wa mabampu ngati nthiti za galu. Tisanafike pa Likhubula chitseko cha minibasi chinagwa, gwengwerere! Kondakitala anachithamangira, anachinyamula pamutu, anachimangirira ndi linya, ulendo n'kupitirira iye atachikumbatira ngati mkazi wake. Pa Chitakale tinasintha galimoto. Apo ndiye tala, tala wosalala ngati mbale, tiyi uku, tiyi uko, ine ndikungoimba chamumtima: dzungu lakwera galimoto, dzungu laona tiyi, anzake ali pamulu kwa Mkhumba akudyedwa ndi mbewa.

Pachipata cha Muloza tinaima pamzera mpaka miyendo kuchita dzanzi. Mapepala oyendera Lusiyano anali atakonzeratu, ndipo pamene ena ankadinda chala, ine ndinapempha cholembera. Ndinalemba dzina langa lonse, pang'onopang'ono, lilime lili panja, a kumbuyo akung'ung'udza. Ang'ung'udze! Ndiye mayi wina wa yunifolomu anandiyang'ana kumutu, imvi. Kundiyang'ana pamimba, phiri. Anandikodola n'kundilowetsa m'kachipinda.

"Amayi, masulani. Ambiri amadutsitsa shuga motere."

Ndinamasula. Analigogoda, analinunkhiza, analitembenuza kufuna pamene tinaboola.

"Ku Mozambiki maungu kulibe?"

"Aliko, mwanangu. Koma la msinkhu wa Edina kulibe."

Nditamufotokozera anandithandiza yekha kumanga, n'kukokera mfundo kumbuyo. "Mukasankhe bwino," anatero. "Inenso wanga woyamba anatsalira panjira."

Tsidya lake ndi Milanje, kumene anthu amangoti ku Vila. Tinalunjika kusitolo imene Lusiyano anauzidwa. Mwini wake anatambasula manja: njinga zatha, ogula fodya ndi nyemba anasesa zonse. Zatsala kusitolo ya mlongo wake ku Mokuba, yofiira imodzi, yakuda imodzi. Mukachedwa mukapeza fumbi.

Lusiyano anandikokera pambali. "Anganga, ku Mokuba n'kutali, msewu ndi woipa. Ndikukwezeni mubwerere."

"Amuna anga, mukundisudzula pa chigulugulu, ndili ndi pakati?"

"Anganga, ndikunena zoona."

"Inenso. Edina anati pakhale munthu wamkazi. Kapena dzunguli mumanga ndinu?"

Galimoto ya ku Mokuba inali lole yopanda denga, kumeneko amati chapa. Kudikira kwa pa Phalombe kunali kusewera. Tinakwera, tinatsitsidwa kuti alonge matumba a nyemba. Tinakwera pamwamba pa nyemba, tinatsitsidwa kuti akweze malata. Tinakweranso, lole inanyamuka, ine n'kuyamba nyimbo, osadziwa kuti ikungopita kunyumba kwa dalaivala kukatenga jekete. Koma mtima wanga sunawawe, chifukwa pamwamba pa nyemba paja ndinamva chinthu chimene ndinali nditachisowa. Chilomwe! Amayi akukalipira ana m'Chilomwe, anyamata akunamizana m'Chilomwe, chenicheni chija ankalankhula mayi anga amene anachokera mbali yomweyo ali kamtsikana. Kwathu adzukulu amandiseka ndikachiyamba, amati anganga ayamba wailesi yakunja. Uku ndinamasula lilime ngati mbuzi yoidulira chingwe. Lusiyano, amene amangotola liwu limodzilimodzi, anasanduka mwana. Akafuna madzi, anganga mufunse. Akafuna kudziwa mtengo wa buledi, anganga mufunse. Buledi wake timikate tolimba kunja, tofewa m'kati, amati pawu. Ndinadya, ndinadya, nsagwada zinatopa mtima usanakhute.

Tinayenda, fumbi lofiira m'maso, m'mano, m'makutu. Aliyense anasanduka munthu wa dothi. Dzuwa litapendeka, tisanafike pamalo otchedwa Namanjavira, pansi pa lole panamveka kuti khoo! Kenaka gwedegwede, kenaka zii. Dalaivala analowa pansi, anatuluka ndi chitsulo chothyoka, anachiyang'ana ngati chamunyoza. Anabwereka njinga yakapalasa pamudzi wapafupi, chitsulo pa kaliyala, uyo wapita. Kubwera liti? Anthu anangoseka. Ena anayamba kusonkha moto, kusonyeza kuti ayizolowera.

Tinakhala pansi pa mtengo wa mango. Pafupi panali chigoba cha lole ina yopsa nthawi ya nkhondo, udzu utamera m'kati, nkhuku ikuikira mazira pamene pankakhala dalaivala. Amayi a pamudzipo anabwera ndi chinangwa chootcha ndi kalongonda wophika. Ine ndinamasula dzungu kuti msana upume, ndinaliika pakati pa ine ndi Lusiyano.

"Ndiye amuna anga, mtima uli pa iti?"

"Yofiira."

"Chifukwa cha utoto? Mukufuna atsikana a pa Migowi azikuimikani?"

Sanaseke. Anatola kamtengo n'kumakanda pansi. "Yofiirayo injini yake ndi yaikulu. Imathamanga. Amene anaikwerapo akuti kuchoka kwathu kukafika kuchipatala, madzi a tiyi asanawire." Anathyola kamtengo kaja n'kupitiriza. "Tsiku lija namwino anati mukanafulumira pang'ono. Pang'ono pokha, anganga. Ine ndinapalasa mpaka kulawa magazi kukhosi. Mawu amenewo ndimadzuka nawo, ndimalima nawo."

Ndinasendera pafupi naye.

"Ndipo sindinamuone," anatero. "Munanditsekera kunja. Munapita naye amayi okhaokha. Nditayamba kulira, amalume a Edina anandigwira pakamwa, amvekere mtayo salira, utseka mimba ya mkazi wako. Mpaka lero sindidziwa ngati anali mwamuna kapena mkazi. Sindidziwa pamene ali."

Zoona zake n'zimenezo. Mwana wobadwa atafa kale kwathu timati mtayo. Timakamuika ife amayi akuluakulu, mwakachetechete, popanda nyimbo, popanda bokosi, ndipo mwamuna sauzidwa malo. Ine ndinali m'gulumo, ndi manja angawa. Tinkaganiza za Edina tonsefe. Za mnyamata amene anaima kuseri kwa nyumba matope ali m'mawondo, palibe anaganiza.

Ndinamugwira bondo. "Yofiira," ndinatero. "Tikagula yofiira. Ithamange mpaka mphepo itsalire m'mbuyo."

Tinagona pomwepo pa matumba a nyemba. Kutacha dalaivala anatulukira ndi chitsulo chowotcherera, anagogoda, anatukwana, lole inatsokomola n'kudzuka. Dzuwa lili pamutu tinaona mlatho wautali ndi nyumba zamalata zambirimbiri. Mokuba!

Sitoloyo tinaipeza pafupi ndi msika. Mwini wake mayi wonenepa bwino, wa ndolo zonyezimira, aliyense ankangomuti Dona. Nditamulonjera m'Chilomwe anandikumbatira, dzungu lili pakati pathu, n'kubwerera m'mbuyo maso ali tong'o. Nditamuuza nkhani yake anaitana anyamata kuti atulutse njinga zonse ziwiri panja.

Mayo ine, zamalisechedi! Nthiti panja, matumbo panja, mitsempha yonse kuonekera, zosachita ndi manyazi omwe. Koma kukongola! Yofiira inali ngati tambala wachinyamata: thanki yonyezimira, chishalo chokwera kumbuyo ngati mchira, paipi ya utsi yoloza kumwamba. Mnyamata ataliza, inabangula mpaka agalu a pamsika anathawa. Yakuda inaima pambali ngati mkazi wamasiye. Chishalo chake chachitali, chosalala ngati benchi ya m'tchalitchi, kumbuyo kaliyala, m'munsi kachitsulo kopondapo. Kulira kwake tu-tu-tu-tu, ngati chigayo cha dizilo chikutha mafuta. Kokha kamene inavala ndi kabokosi kamalata kotsekera tcheni.

"Iyi yavalako kabudula," ndinatero. Dona anaseka mpaka ndolo kugwedera.

Kuseri kwa msika kunali bwalo la mpira. Tinayamba ndi yakuda, kuti tithane nayo. Ndinakhala chammbali, mapazi onse pa kachitsulo kaja, dzanja limodzi m'chiuno mwa Lusiyano, lina pansi pa dzungu. Tinazungulira. Dzungu phee, ine phee. Palibe chonena. Kukhala ngati uli pakhonde ukusenda nandolo.

"Ili bwanji, anganga?"

"Ili ngati ukwati wa mkulu wa mpingo. Mtendere wokhawokha. Bweretsani tambala uja!"

Pa yofiira ndinachita kukwezedwa ndi anthu awiri. Malo okhala ochepa, otsetserekera kutsogolo, dzungu linakanikizika pamsana pa Lusiyano. Popondapo panali kamodzi kakang'ono, phazi lina linangolendewera. Ndinaziona zonsezo, koma ndinati tizolowera, pajatu ndinalonjeza pansi pa mango. Ndipo itanyamuka, abale, itanyamuka! Mphepo m'makutu, duku langa uko, anthu a pamsika kusanduka mizeremizere. Utsikana wanga wonse unabwerera. Ndinakuwa, "Thamangitsani, amuna anga! Ponyani giya ina! Edina wafika kale kuchipatala!" Ndinayamba nthungululu.

Nthungululuyo sinathe. Ndinamva chinthu chikundikoka m'chiuno, mwamphamvu, ngati ng'ona. Nsonga ya chitenje inali italendewera, tcheni chosavala chija n'kuiluma. Kwee! Chitenje chapamwamba chinapita. Chinakoka chinzake chomangira dzungu, mfundo imene ndinatengera kwa mayi wa pa Muloza inakana kumasuka, ine n'kupendekera kumbuyo, nsalu n'kung'ambika. Tayala linagwira, njinga inaseseleka chammbali, Lusiyano anaponda pansi ndi miyendo yonse, tinaima. Sindinagwe. Chinagwa ndi dzungu.

Phwaa!

Ndinatsika ndili ndi pitikoti yokha, nkhalamba ine, pakati pa bwalo la mpira la dziko la eni. Anthu anathamangira, ataona kuti ndili bwinobwino, kuseka kunabuka. Wina anakuwa m'Chilomwe kuti njinga yamaliseche yafuna mnzake. Inenso ndinaseka, ndinavinako pang'ono, nanga n'kutani? Dona anabwera akuthamanga, thupi lonse likugwedezeka, n'kundifunditsa nsalu yake.

Potembenuka ndinaona Lusiyano. Njinga anaisiya ili gone pa fumbi, mafuta akudontha. Iye anali atagwada pamene panagwera dzungu. Linali litasweka pakati, zidutswa uku ndi uku, matumbo ake achikasu atamwazika pa dothi. Ankatola chidutswa ichi n'kuchilumikiza ndi icho, chikugwa, n'kutolanso. Kenaka anakumbatira zonse pachifuwa, malaya onse uve, n'kutsegula kukamwa. Kulira kumene kunatuluka apo sindinakumvepo kwa mwamuna.

Kuseka kunazima ngati moto wothiridwa madzi. Mnyamata wina anati, kodi akulirira dzungu? Dona anamutsina khutu. Bambo wina wachikulire anayandikira kuti amudzutse, ine ndinamutchinga ndi dzanja.

"Musiyeni," ndinatero m'Chilomwe. "Kwathu tinamuletsa. Kuno n'kutali, palibe mimba imene itsekeke."

Ndinakhala pansi pambali pake, pa fumbi pomwepo. Sindinamuuze kuti tonthola. Ndinang'ung'uza kanyimbo kopanda mawu, kaja timaimbira khanda likamavuta, dzanja langa lili pamsana pake. Amayi ena a pamsika anakhala nafe pansi, osafunsa kanthu. Maliro amene sanachitike kwa Mkhumba anachitikira pa bwalo la mpira ku Mokuba, anamfedwa ake ogulitsa tomato.

Atatopa anapukuta nkhope ndi mkono. Anayamba kutola nthanga za dzungu lija, imodziimodzi, kuzipukuta pa buluku, kuziika m'thumba la malaya. Kenaka anaimirira, anakadzutsa yofiira, anaipukuta fumbi, anasomola nsanza za chitenje changa m'tcheni. Anaiyang'ana nthawi yaitali. Anaisisita pa thanki ngati mmene umasisitira ng'ombe imene wagulitsa.

Dona anati, ine ndikumasulira, "Tcheni tingathe kuchitchinga ndi lata, mwanangu, ngati mtima uli pomwepo."

"Nanga pokhala? Nanga popondapo?" anatero Lusiyano. "Anganga, phazi lanu lina linali kuti?"

"M'malere, amuna anga. Koma ndinati ndisakukhumudwitseni."

Anapukusa mutu. "Ndipatseni yakuda."

"Ndi yochedwatu," ndinatero ine, pofuna kumva mtima wake. "Madzi a tiyi awira, aphwa."

"Ichedwe. Tidzanyamuka ife msanga. Edina ndikamusiya kuchidikiro mwezi wake usanakwane, adikirire konko pafupi ndi anamwino. Ndinkafuna kupikisana ndi tsiku lija, anganga. Tsiku lija linapita."

Dona sanatilipiritse kukalika kwa yofiira, ndipo nsalu ija anati ndi yanga. Ndili nayo mpaka pano, ya maluwa abuluu, ndimavala pa Pasaka.

Za kubwerera ndinene chiyani? Tu-tu-tu-tu, tu-tu-tu-tu, ine chammbali ngati mkazi wa bwana, nsonga zonse za chitenje nditazisomeka m'chiuno. Matako anafa, anauka, anafanso. Lole yathu ija tinaipeza itafanso pamalo ena, dalaivala ali pansi pake, ndipo ndinawabayibitsa onse ndi manja awiri mpaka Lusiyano anakuwa kuti anganga gwirani! Pa Muloza mapepala a njinga anatidyera dzuwa lonse. Mayi wa yunifolomu uja anandiona, anayang'ana pamimba.

"Mwachira, amayi?"

"Ndachira, mwanangu. Wabadwa wakuda, wofatsa, uyo ali panjapo."

Tinalowa m'mudzi ana akuthamangira m'mbuyo. Mayi ake a Edina anaiwala mwambo, anatuluka kuseri kwa nkhokwe n'kuima maso ndi maso ndi mkamwini, kenaka anazindikira, n'kuthawa. Edina anazungulira njinga, anagwira chishalo, anagogoda kabokosi ka tcheni. "Nanga dzungu langa?" Ndinati dzungu linagwira ntchito yake, linatsala konko. Chitenje chong'ambika chija ndinachisoka n'kuvindikira chishalo, kuti apongozi asamadandaule za maliseche.

Mwezi usanakwane, m'mawa kukuzizira, kopanda mvula, kopanda kubuula, Edina anakhala chammbali, mapazi onse pa kachitsulo, mtolo wake pa kaliyala. Tu-tu-tu, anapita. Ine ndinatsatira pambuyo kukamudikirira. Ndipo anabadwa, anabadwa, anabadwa! Mtsikana, wolira ngati yofiira ija, mpaka anamwino anati uyu ndiye watidzutsira wodi yonse. Lusiyano anamunyamula tsiku lomwelo, ndi manja ake, palibe anamutsekera kunja.

Mvula yoyamba itagwa anandipeza ndikupalira kuseri kwa nyumba. Anatulutsa kansalu komanga mfundo. Nthanga zija, zouma bwino.

"Anganga, ine sindikufunsani malo. Mwambo ndikuudziwa. Koma inu mukuwadziwa. Mukadzaleko izi."

Ndinalandira. Palibe lamulo la makolo limene linanenapo za maungu. Ndinapita ndekha, ndinadzala, ndinabwerako, pakamwa panga tseke.

Koma dzungu silisunga chinsinsi. Linamera, linayanga, linatambalala, masamba ngati maambulera, maluwa achikasu mbee, mpaka munthu wodutsa pa njira ya kudambo amaliona ali patali, lokhalokha pamalo pamene palibe munda wa munthu. Amayi onse a m'mudzi akudziwa, ndipo palibe amene amatchola nkhwani pamenepo. Sindinamuuze kanthu Lusiyano, iyenso sanandiuze kanthu. Koma ndikakhala pakhonde ndimamva njinga yake ikubwera kuchokera ku Boma, tu-tu-tu-tu, Edina kumbuyo, mwana kumsana. Ikafika pa njira ya kudambo ija, kulira kumasintha. Tu. Tu. Tu. Njinga yochedwa kale ija, amaichedwetsanso.